Njinga ya m'phiri ya giya imodzi: mmene ntchito ikuyendera

Loweruka loyamba la Meyi

Fulemu ya njinga imene ndikufuna kuisandutsa ya giya imodzi ndakatenga lero mmawa. Ndaigula kwa bambo ena a ku Chinamwali amene amagulitsa njinga za kaunjika, inali kuseri kwa nyumba itatsamira khoma, tayala lakutsogolo palibe, chishalo chong'ambika, dzina la kampani linafufutika kalekale ndi dzuwa. Choyamba ndinaika maginito a sipika yakale pa paipi yapakati, anamata nganganga, nde ndinadziwa kuti ndi chitsulo osati aluminiyamu, ndipo nchimene ndimafuna chifukwa chitsulo owotcherera aliyense muno mu Zomba amachidziwa. Ndaunika molumikizira monse ndi tochi ya foni, mng'alu palibe, dzimbiri ndi lapamwamba chabe. Matayala ndi a 26, foloko youma yopanda masipuling'i, mabuleki a V.

Ndilembe kaye chimene chandiyambitsa ntchitoyi kuti tsiku lina ndikadzatopa nayo ndidzabwerere pano. Mu Malichi ndinali pamwamba pa phiri la Zomba cha kufupi ndi Chingwe's Hole ndi njinga yanga ina ija ya magiya 24, kanthambi ka paini kanalowa mu derailleur, kachitsulo kolendewera kumbuyo kamene kamasuntha tcheni posintha magiya, nkuipinda, nkuikankhira m'masipoko. Masipoko anayi anaduka pompo, tayala linakhota moti silimazungulira nkomwe mu fulemu. Ndinatsika phiri lonse lija wapansi, malo ena njinga ili paphewa, ndinafika kunyumba kutada, mayi a kunyumba atayimbira kale abale onse. Koma chimene chinandiwawa kwenikweni si ulendowo ayi, ndi masabata atatu otsatirawo, kusaka sipeya. Muno mtauni ndinazungulira, ku Limbe ndinapita kawiri, imene ndapeza siikugwirizana ndi chosinthira chakuhandulo, yogwirizana nacho ndi yakutha kale. Nthawi yonseyi anyamata a kabaza akungondidutsa, awo njinga ikavuta amaima pa Songani, pa Thondwe, pa Jali, paliponse pamene munthu wayala thumba pansi pa mtengo, posakhalitsa abwerera pamsewu.

Nde chimene ndapangana ndi mtima wanga nchakuti chilichonse chimene chimatha msanga, tcheni, fuliwilo (giya yakumbuyo), mabolo, makoni, ekiselo, chikhale chimene wokonza njinga wa m'mbali mwa msewu ali nacho m'chitini mwake. Giya imodzi basi, koma yokwera phiri.

Lamulungu

Kuphwasula tsiku lonse. Ndachotsa zosinthira ziwiri zakuhandulo, mawaya ake, ma derailleur onse awiri, giya yaikulu ndi yaing'ono zakutsogolo. Ndinaziponya mu jumbo nkukaziyeza pa sikelo ya pagolosale, kilo imodzi ndi kena kake. Panandivuta ndi pakati pamene pamazungulira makulanki, kapu ya mbali ya tcheni inagwira dzimbiri. Amene simunamasulepo dziwani kuti mbali imeneyi mazinga ake ndi otembenuza, imamasuka mukamapotoza ngati mukumanga, pedulo yakumanzere chimodzimodzi. Ndinathira parafini mmawa, madzulo ndinasomeka paipi pa sipanala, inalira kamodzi kenako yamasuka.

Kutsogolo ndasiya giya yapakati ya mano 32. Mabawuti ake anayi atalika chifukwa amagwira magiya awiri, ndawaikira mawasha kaye.

Lachitatu usiku

Lero ndi masamu okhaokha, magetsi kulibe, ndikulemba ndi kandulo. Funso ndi loti kumbuyo ndiike mano angati, chifukwa ndikasankha ndasankha, kulibenso kusintha pachikweza.

Ndinazunguliza chingwe pa tayala nditalipopa, mamita 2.07. Nde ukapalasa kamodzi, mtunda umene wayenda ndi mano akutsogolo kugawa ndi akumbuyo, kuchulukitsa ndi 2.07. Pa 32 ndi 16, imene okwera njinga zotere kunja amakonda kuyambira pa matayala a 26, ukuyenda mamita 4.1. Pa 32 ndi 18 mamita 3.7. Pa 32 ndi 20 mamita 3.3. Masana ndinapempha mnyamata wina wa kabaza pa siteji kuti ndiwerenge mano a njinga yake, anangoseka nkuti werengani bwana, ndinapeza 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, pa tayala la 28, kutanthauza mamita 5.4 akapalasa kamodzi, atanyamula munthu komanso thumba la chimanga. Anthu amenewa ndimawapatsa ulemu. Koma giya imeneyo ndi ya msewu wa Jali, pa phiri amatsika nkumakankha, ndipo ine chimene ndikufuna nkukwera ndili pamwamba pa njinga.

Tauni ya Zomba ili pa mamita 900 ndi kena kake, nsonga ya phirilo, Malumbe, inapitirira 2,000, nde 16 ndaisiya. Ndiyamba ndi 18, chifukwanso ndi imene ili mbwee pamsika. Vuto lake ndikulidziwa kale, ukamazunguliza miyendo maulendo 90 pa mphindi pa 32 ndi 18 sudutsa makilomita 20 pa ola, pa tala wa M3 aliyense azindidutsa. Ndavomera.

Loweruka

Tsiku la tayala lakumbuyo, ndipo lero ndaphunzira zambiri kuposa masiku onsewa.

Habu ya njingayi, chitsulo chapakati pa tayala chimene masipoko amakolekapo, ndi yakale ija yoti fuliwilo imachita kupotozeredwa, osati ya cassette imene magiya amangolowetsedwa pa habu, ndipo uwu ndi mwayi wanga waukulu chifukwa mazinga ake ndi omwewo a fuliwilo ya njinga za kabaza. Ndinapita nalo kwa madala ena okonza njinga kuseri kwa msika, amene ndakhala ndikuwapatsa ntchito zaka zambiri. Anachotsa fuliwilo ya magiya 7 ija, nkupotozera ya mano 18, inalowa ngati kwawo. Ine ndinali nditakondwa kale. Iwo anabwezera tayala mu fulemu, anagwada kumbuyo kwa njinga, anatsinzina diso limodzi, kenako akuti, "Achimwene, tabwerani mudzaone nokha. Tcheni chanu chiziyenda ngati nkhanu."

Zoonadi, giya yakumbuyo inali mkati kwambiri, yakutsogolo ili kunja. Pa njinga ya magiya ambiri derailleur imabisa zimenezi, koma pa giya imodzi tcheni chikapanda kuwongoka chimalira, chimadya mano, ndipo chimagwa. Tinayeza bwinobwino. Kutsogolo, kuchokera pakatikati pa paipi ya chishalo kufika pa mano, mamilimita 48. Kumbuyo mpata wa fulemu ndi 135, theka lake 67.5, nde kuti zifanane mano a fuliwilo amayenera kukhala mamilimita 19.5 kuchokera mkati mwa fulemu. Ife tinapeza oposa 30.

Madala anamasula ekiselo yonse, mabolo anawakhuthulira pa kansalu kuti asagwere mu fumbi, nkuchotsa kachitsulo kotalikitsa ka mbali ya tcheni, pafupifupi mamilimita 12, kukakaika mbali inayo. Habu yonse inasunthira kumanja. Pomwepo tinasinthanso ekiselo, ija yobowoka ya kachogwirira tinaichotsa nkuika yolimba ya manati a sipanala 15. Koma habu ikasuntha limu nayo yasuntha, tayala linali likukhuza fulemu mbali imodzi, nde inayamba ntchito yeniyeni, kukoka limu kuti ibwerere pakati. Masipoko akumanja kumasula theka, akumanzere kumanga theka, kuzungulira tayala lonse, kuyambiranso, kuyambiranso. Alibe makina aliwonse, anatembenuza njinga miyendo m'mwamba, chala chachikulu atachitsamiritsa pa fulemu, chikhadabo chikungokhudza limu, akumvera pamene ikugunda. Nthawi zina amaliza sipoko ndi chala ngati chingwe cha gitala nkumvera kulira kwake. Zinatenga maola awiri, makasitomala ena akubwera, amawamatira chubu nkubwereranso pa langa.

Pomaliza masipoko ena akumanzere anatulukira mkati mwa limu, anawapala ndi tupa mmodzimmodzi kuti asadzabowole chubu. Nditafunsa ngati tayala silinafooke anati, "Ayi, panopa ndiye lalimba. Kale mbali imodzi imanyamula katundu yokha, pano zikuthandizana." Ndawalipira zimene ananena ndi kuonjezerapo, ntchito imeneyi si ya mtengo umene anatchula.

Lamulungu madzulo

Tcheni ndagula chonenepa cha njinga za kabaza, chifukwa mano a fuliwilo yake ndi okhuthala, chopyapyala cha magiya sichingakhalepo. Kutsogolo chikukhala bwinobwino olo mano ali opyapyala.

Tsono nkhani ili pa kukoka. Fulemu iyi polowa ekiselo ndi poyang'ana pansi, tayala silingasunthe kutsogolo kapena kumbuyo, pamene lakhala lakhala. Tcheni nacho sungachidule mmene ukufunira, linki iliyonse ndi mamilimita 12.7 ndipo zimachoka ziwiriziwiri. Nde umangopemphera kuti kutalika kwa fulemu, mano ndi malinki zikumane zokha. Ndinayeza kuchokera pakati pa makulanki kufika pa ekiselo, 424. Ndinadula pa malinki 92, mwana wanga wamkazi atandigwirira tochi, ndinakoleka, ndinakankhira tayala m'malo mwake, linalowa. Tcheni chili bwino, ukachikankha ndi chala pakati chikusewera pang'ono chabe, osafika sentimita. Ndinazunguliza pedulo chammbuyo, palibe pamene chikugwira. Ndinakhala pansi kaye nkumangoyang'ana. Popanda chokokera chilichonse, mzere umodzi woongoka kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

Loweruka lomaliza la Meyi, ulendo woyamba

Ndinanyamuka 5 koloko kuti dzuwa lisandipeze pachikweza. Mtauni miyendo imangozungulira ngati fani, dzanja lamanja likufunafuna chosinthira chimene kulibe, mpaka ndinazolowera kuti pamalo athyathyathya palibe chothamangira, umangokhala nkumapita.

Chikweza chitayamba zonse zinatembenuka. Makona oyamba ndinakwera nditakhala. Kupitirira apo chishalo ndinachiiwala, kuimirira basi, kuponda kumanja ukukoka handulo kumanja, kuponda kumanzere ukukoka kumanzere, njinga ikuweyuka pansi pako. Ndinazindikira msanga kuti sungamenyane nacho chitunda, ukathamangira watha, umayenera kuponda mwapang'onopang'ono ngati ukukwera masitepe, thupi lonse likutsikira pa pedulo imodzi, kupuma kukugwirizana ndi mwendo. Pamene msewu wagonako pang'ono osathamanga ayi, pamenepo mpopumira, ukhale pansi uzingozunguliza. Pa njinga ya magiya izi sindinaziphunzirepo chifukwa chala chimandithawitsa nthawi zonse.

Ndinatsika kawiri. Koyamba pa kona ina yothina, mwendo unangoima pamwamba osatsika, ndinakankha mwina mamita 100. Kachiwiri kufupi ndi kumtunda, mtima unali utafika kukhosi. Amayi ena amatsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, anandipatsa moni, wina nkuti "Limbikani achimwene, mwatsala pang'ono." Ndinafika pa hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phiri wefuwefu, malaya ali chonyowa ngakhale kunali kuzizira, anyamata ogulitsa zipatso anali akungoyala kumene.

Koma chimene ndikufuna kulemba kwambiri ndi mkati mwa nkhalango, njira yafumbi yodutsa ku damu la Mulunguzi kulowera ku Williams Falls. Njinga ili phee. Palibe tcheni chomenya fulemu, palibe kukhetchera pa miyala, ukungomva matayala akuphwanya masamba a paini ndi madzi akulira kumunsi. Ndinaima dala kuti ndione ngati china chake chagwa, chifukwa sindinazolowere njinga yosalankhula. Pa timitunda tatifupitifupi ta m'menemo giya imodzi ndiye pake, umaona chitunda chikubwera, umathamangira chisanafike, liwiro lomwelo likukukweza theka, theka linalo waimirira wamaliza. Maso amakhala patsogolo nthawi zonse, mabuleki umawaumira chifukwa liwiro ukalitaya kulipezanso nkodula.

Zofunika kukonza: handulo ndi yaifupi, masentimita 58, ilibe mphamvu yokokera. Msana ndi mikono zikuwawa kuposa miyendo.

Pakati pa Juni

Chiperoni masiku anayi, phiri silikuoneka nkomwe. Handulo ndapeza ya masentimita 68 pa kaunjika, kusiyana kwake nkwakukulu, pa kona ija ndinatsika pano ndikudutsa.

Poti kunja sikukuyendeka ndakhala ndikuwerenga za kumene zinayambira. Njinga za m'phiri zinayamba ndi giya imodzi yomweyi. Ku Marin County ku California, m'zaka za m'ma 1970, anyamata ngati Joe Breeze, Charlie Kelly ndi Gary Fisher amatola mafulemu akale olemera a Schwinn nkumatsika nawo mapiri, ndipo mu 1976 anayambitsa mpikisano wotsetsereka kufupi ndi Fairfax umene anautcha Repack, chifukwa buleki yopondera chammbuyo imatentha mpaka girisi kupsa, ukafika pansi umayenera kupakiranso wina mu habu. Buleki yomweyo ndi imene ili pa njinga za Buffalo zimene tikuziona ndi azaumoyo ndi ana asukulu kumidzi kuno. Magiya anabwera pambuyo. Mpaka lero kuli mpikisano wa dziko lonse wa njinga za m'phiri za giya imodzi, wopambana amamulemba tattoo pathupi. Mu 2012 unachitikira ku Spioenkop ku KwaZulu-Natal, anapambana ndi Burry Stander wa ku South Africa komweko, ndipo mu Januwale 2013 anamwalira atagundidwa ndi minibasi ali pa njinga. Nkhani imeneyi yandikhala mumtima, chifukwa pa M3 ndi giya yanga yochedwayi maminibasi amandidutsa pafupi kwambiri. Ndagula nyali yofiira yakumbuyo ndipo tala ndikumupewa pamene pali njira ina.

Loweruka, kumapeto a Juni

Tcheni chagwa. Ndinali pa chitunda chamiyala popita ku Emperor's View, nditaimirira, mphamvu zonse zili pa mwendo wamanja, mwadzidzidzi pansi palibe kanthu. Bondo linakamenya pa handulo, ndinagwera kumbali. Palibe chothyoka koma bondo latupa ndipo ndinakhala pamwala nthawi ndithu ndisanayese kuimirira. Pa njinga ya giya imodzi tcheni kugwa si nkhani yaing'ono, chimagwa nthawi imene ukuponda kwambiri.

Kunyumba ndinayeza. Malinki 24 a tcheni chatsopano amakhala mamilimita 304.8, changa ndapeza 306. Zikuoneka zochepa koma pa malinki 92 ndi pafupifupi mamilimita 5, ndipo ndilibe pokokera olo pang'ono. Fumbi la miyezi ino likasakanikirana ndi oyilo limadya mapini ngati sandipepa. Zizindikiro zinalipo, sabata yatha ndinaona chikulendewera koma ndinati chipirira. Chinanso ndi giya yakutsogolo, ija inapangidwa kuti tcheni chizichokapo mosavuta posintha magiya, mano ena ndi aafupi dala, nde chikangolefuka pang'ono imachitaya.

Ndamuyimbira mlamu wanga ku Joni kuti andipezere giya yachitsulo ya mano 32 aatali, ya mabawuti anayi, atumize ndi a mabasi. Imeneyi ikuphwanya pangano langa lija pang'ono, koma yachitsulo imakhala zaka, si chinthu chofera panjira.

Sabata yoyamba ya Julayi

Ndabwezera derailleur yakale kuti izingokoka tcheni, ndaimanga ndi kawaya kuti ikhale pansi pa fuliwilo. Tcheni chonenepa sichimadutsa bwino, ndinatanula ndi mawasha. Ikugwira ntchito, ndayenda nayo kawiri mtauni bondo likuchira. Koma phokoso labwerera, ndipo chinthu chomwe chija chinandiyendetsa wapansi mu Malichi chikulendeweranso pafupi ndi masipoko. Sindikhala nayo.

Loweruka, pakati pa Julayi

Ndadula fulemu. Ndinaganiza masiku ambiri chifukwa ukadula wadula.

Maganizo anachokera kwa madala aja. Anandionetsa njinga ya kabaza imene amakonza, akuti, "Onani apa, mpata wake ukuyang'ana kumbuyo, tcheni chikatalika mumangokoka tayala. Anzathu anathana nazo kale izi." Nde ndinajambula pa katoni, mpata wa mamilimita 10 m'lifupi, 30 m'litali, ndinapita nayo kwa owotcherera wina amene ali ndi gasi, osati wa magetsi, chifukwa mapaipi akumbuyowa ndi opyapyala, ndodo ya magetsi imangowabowola. Tinadula tizitsulo tiwiri pa chitsulo chafulati cha mamilimita 5, tinatimanga pamodzi mu vayisi nkupala ndi tupa tonse nthawi imodzi kuti mipata ifanane ndendende. Kupala kokhako ola lathunthu, manja anga ali ndi matuza.

Poopsa panali pa kuwongola. Tikalumikiza mokhota tayala liziyenda chammbali moyo wake wonse. Ndinagula bawuti yaitali ya mazinga okhaokha ku hadiweya, tinamangapo tizitsulo tija ndi manati, mpata wapakati 135 ndendende, kuti tikhale ngati tagwidwa ndi ekiselo. Anadula zakale ndi sowo, anang'amba kamzere kumapeto kwa paipi iliyonse, tizitsulo tinalowa m'menemo. Asanayatse moto ndinamanga ulusi kuchokera kumbuyo kumanja, kuzungulira paipi ya kutsogolo, kubwerera kumbuyo kumanzere, nkuyeza mpata wa ulusi ndi paipi ya chishalo mbali zonse. Kumanja 2 milimita kuposa kumanzere. Tinagogoda, tinayezanso, tinagogodanso. Mnyamatayo sanadandaule olo kamodzi, anangoti "Bwana yezani mpaka mtima ukhale pansi, moto sumabweza."

Kenako anagwiriza ndi timadontho ta mkuwa, tinayezanso, nkumaliza. Ndinaona mkuwa ukusungunuka nkumalowa wokha mu mng'alu, chitsulo chili chofiira ngati chitedze chakupsa, penti ikununkha. Anakana kuthira madzi, anati chizizire chokha. Tinadikira tikudya chinangwa chootcha.

Tayala lalowa pakatikati. Ndaikanso tija tokokera ta njinga za kabaza, timabawuti tokoleka pa ekiselo, takwana popanda kusintha kanthu. Derailleur yabwerera mu jumbo.

Lachiwiri

Giya ya mlamu yafika, ndaimanga, tcheni chatsopano. Poti pano tayala likusuntha ndayesa fuliwilo ya mano 20. Dzino lililonse limasuntha ekiselo pafupifupi mamilimita 3, awiri ndi 6, mpata ulipo wokwanira. Chongokumbukira nchoti tayala likasuntha mabuleki nawo asunthidwe, apo ayi labala imakhuza tayala m'malo mwa limu. Pomanga ndimazunguliza pedulo kufuna pamene tcheni chathina kwambiri, chifukwa magiyawa sakhala ozungulira ndendende, nkukokera pamenepo.

Ndi 20 ndakwera mpaka Ku Chawe osaponda pansi, koyamba. Bondo silinadandaule. Koma pobwera mtauni ndi chilango, makilomita 18 pa ola miyendo ili pa liwiro lonse. Ndasankha kuti 20 ikhale ya phiri, 18 ndiziika ndikamapita maulendo a kumidzi.

Loweruka, Ogasiti

Lero ndinazungulira cha ku Domasi, misewu yafumbi ya m'munsi mwa Malosa, mphepo ikuwomba fumbi lofiira m'maso. Pobwerera, pa kachitunda kakang'ono, ndinaponda pedulo inangozungulira yokha, tcheni chikuyenda, tayala osayenda. Ndinagogoda fuliwilo ndi mwala inagwira, patapita pang'ono yataya kachiwiri. Ndinakankha mpaka pa tala, pa Songani.

Pansi pa mtengo panali bambo ena achikulire atayala thumba, mapampu awiri, beseni la madzi akuda loyesera machubu. Sindinawaonepo chiyambire. Anaiyang'ana njinga, anayang'ana kumbuyo kuja tinawotcherera, anagwedeza mutu nkuti, "Iyi ndi ya kwathu konkuno iyi." Sanafunse china. Anachotsa tayala ndi sipanala 15, anatenga msomali ndi hamala nkugogoda kachivundikiro ka fuliwilo, nako mazinga ake ndi otembenuza, anatsegulira pamwamba pa chivundikiro cha ndowa kuti timabolo tisabalalike. Mkati munali phala lofiira louma. Ndi ine ndinapakamo girisi wambiri mwezi watha poganiza kuti ndikuiteteza, fumbi linalowa, tizitsulo tiwiri togwira mano a mkati tinamatirira pansi, ndipo kawaya kotidzutsa kanali katathyoka.

"Umu simuika girisi wolimba bambo, mumadonthezamo oyilo basi," anatero akutsuka ndi parafini ndi kamswachi kakale. Anapendeketsa chitini cha mkaka chodzaza zitsulo zakale, anafufuza ndi chala, anatulutsa fuliwilo yakufa, nkuchotsamo kawaya kake. Timabolo anatibwezera kamodzikamodzi, akutimata ndi kagirisi kochepa kwambiri m'mphepete mokha kuti tisagwe potseka. Atazunguliza inalira tcheketcheketcheke, mawu oyera. Mphindi 25 zonse pamodzi. Ndinagulanso ya 18 yatsopano pa thumba lawo lomwelo kuti ikhale yapadera kunyumba, ndinafika dzuwa lisanalowe.

Zatsala: kumbuyo kuja tinawotcherera kukadali chitsulo chosapenta ndipo dzimbiri layamba kuoneka, ndipale ndi sandipepa ndipake penti mvula isanayambe. Malabala a mabuleki akutsogolo atha ndi mitsetse ya phiri. Tayala lakumbuyo mano apakati afufutika, pa chitunda chamiyala likuterera ndikaimirira, ndiyese kuchepetsa mpweya kaye ndisanagule lina. Loweruka likubwerali ndibwezera 20 ndipo ndikupita ku Chingwe's Hole, njira yomwe ija ya mu Malichi.